Alenje asapitikitsidwe m'tchalitchi pa tsiku la Hubert Woyera

Chaka chilichonse Novembala akangoyandikira, ku Germany ndi maiko oyandikana nawo kumabuka mkangano umene sutha. Pa 3 Novembala ndi tsiku la Hubert Woyera, episkopi wa mu ufumu wa a Frank amene anamwalira mu 727, yemwe alenje a ku Ulaya amamutenga ngati nkhoswe yawo. Masiku amenewo alenje amavala zobiriwira zawo n'kudzaza matchalitchi, pa guwa amakongoletsa ndi nthambi za mitengo ya m'nkhalango, ndipo m'malo mwa limba mumamveka malipenga a uzimba. M'tauni ya Saint-Hubert ku Belgium amabwera ndi agalu ndi akavalo omwe kuti wansembe awadalitse pabwalo. Mabungwe omenyera ufulu wa nyama, makamaka nthambi ya PETA ya ku Germany, amadzudzula Misa zimenezi chaka ndi chaka, amvekere mpingo usiye kudalitsa anthu opha zolengedwa za Mulungu. Ine ndili mbali ya oti Misazi zipitirire. Sikuti alenje ndi angelo ayi, ndipo pali zina zimene amachita pa tsikuli zomwe ndikadakhala wansembe sindikadazilola. Koma munthu amene amagwira mfuti n'kuchotsa moyo ndi amene akufunika kwambiri kukhala pansi kutsogolo kwa guwa n'kumva mawu omudula chisamaliro, ndipo kumutsekera chitseko sikungapulumutse nswala ngakhale imodzi.

Tisanalowe m'mfundo za otsutsa, tiyambe tamudziwa mwini tsikuli, chifukwa mbali zonse ziwiri zimamukokera kwawo osamuyang'ana nkhope. Hubert anabadwa cha m'ma 650, nthawi imene mafumu a banja la Merovingian anali atatsala maina okha, mphamvu zenizeni zili m'manja mwa nduna zazikulu za kunyumba yachifumu. Anali wophunzira wa Lambert, episkopi wa ku Maastricht. Lambertyo anaphedwa cha m'ma 705 pa kamudzi kena ka m'mbali mwa mtsinje wa Meuse kotchedwa Liège, pa nkhani yobwezerana magazi pakati pa abale ake ndi anthu a mkulu wina dzina lake Dodo. Hubert ndiye analowa m'malo mwake. Patapita zaka zoposa khumi anafukula mafupa a mphunzitsi wake ku Maastricht n'kukawaika pamalo pomwe anafera, ndipo kamudzi kaja kanakula chifukwa cha anthu obwera kudzapemphera pamandapo mpaka kanasanduka likulu la dayosizi. Mzinda wa Liège wa ku Belgium umene tikuudziwa lero unaphuka pa chisankho chimenecho. Zaka zake zotsalazo anazithera pa maulendo, kulalika m'nkhalango za Ardennes ndi madera a Brabant, kumene anthu ambiri ankapembedzabe mafano a makolo awo. Anamwalira pa 30 Meyi 727, ndipo amene anamulowa m'malo anali mwana wake weniweni, Floribert.

Nanga 3 Novembala ikuchokera kuti? Pa tsiku limeneli mu 743 manda ake mu tchalitchi cha Petulo Woyera ku Liège anatsegulidwa, pamaso pa Carloman, mmodzi wa olamulira a Frank nthawi imeneyo, ndipo thupi lake linakwezedwa kuti anthu azililemekeza. Masiku amenewo umu ndi mmene munthu ankalengezedwera kukhala woyera, panalibe za makalata opita ku Rome. Mu 825 episkopi Walcaud anasamutsira thupilo ku nyumba ya amonke ya ku Andage, mkati mwenimweni mwa nkhalango ya Ardennes, ndipo malowo anadzatenga dzina loti Saint-Hubert. Mbiri yoyamba ya moyo wake inalembedwa patangopita zaka zochepa chichitikireni mwambo wa mu 743, ndi munthu amene anakhala naye. M'mbiri imeneyi mulibe nswala, mulibe uzimba, mulibe agalu. Nkhani yotchuka ija, yoti Hubert anali mnyamata wachuma wokonda zosangalatsa, amene anapita kukasaka pa Lachisanu Loyera anzake ali kutchalitchi, n'kukumana ndi nswala yaimuna ili ndi mtanda wowala pakati pa nyanga zake, inaphatikizidwa ku dzina lake m'zaka za m'ma 1400, mwini wake atagona m'manda zaka pafupifupi 700. Inabwerekedwa ku nthano yakale ya Eustace Woyera, msilikali wachiroma. Amene munaonapo botolo la mowa wa Jägermeister, chithunzi cha nswala ndi mtanda chili pamenepo chija n'chochokera ku nthano yomweyi.

Mfundo yoyamba ya otsutsa Misa za alenje ndi yanzeru, ndipo ndiyenera kuinena mmene eni ake amainenera. Akuti tatengani nthanoyo mmene ilili: mlenje waona Khristu mwa nyama imene amafuna kupha, wagwada, wataya uta, ndipo sanasakenso moyo wake wonse. Munthu wotereyu angakhale bwanji nkhoswe ya alenje? Akuti kuli ngati kutenga chidakwa chimene chinasiya mowa n'kuchiika kukhala nkhoswe ya ophika kachasu. Kumva koyamba mfundoyi imagwira mtima. Komabe tikaimvetsera nthanoyo mpaka kumapeto, ikunena zina. Mawu amene anachokera kwa nswalayo sanamuimbe mlandu wopha nyama. Anamuchenjeza kuti akapanda kutembenukira kwa Ambuye akupita kuchionongeko, ndipo atafunsa choti achite anauzidwa kuti akafune Lambert kuti amuphunzitse. Tchimo lake linali loti pa tsiku limene Ambuye ake anapachikidwa iye anasankha thengo. Choncho ulendo wonse wa nthanoyi ndi wochoka kuthengo kupita kutchalitchi, mlenje akutumizidwa kwa wansembe. Tsono ngati alipo mwambo wogwirizana ndi nthanoyi, ndi womwewu wakuti tsiku limodzi pa chaka alenje asiye mfuti kunyumba, abwere adzakhale pa benchi. Amene akufuna kuwabweza pakhomo akuitembenuza nthano imene akuti akuiteteza.

Apa ndisawasiye alenje akumwetulira, chifukwa nawonso amainamizira nthanoyi. M'maulaliki ndi m'timabuku tawo mumapezeka zoti nswala ija inaphunzitsa Hubert malamulo a kasakidwe kabwino: usaphe yaikazi imene ili ndi mwana, uombere pokhapokha ukudziwa kuti nyama ifa msanga, usankhe zokalamba ndi zodwala. Malamulowa ndi abwino, koma ndi a alenje a masiku ano, anangoikidwa m'kamwa mwa nswala kuti amveke opatulika. Kuonjezera apo, mpingo wa nthawi ya Hubert sunkafuna kuona mtsogoleri wake ali pa uzimba. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Epaone mu 517 unaletsa maepiskopi, ansembe ndi madikoni kusunga agalu osakira ndi mbalame zogwirira nyama. Carloman yemwe uja anaimirira pa manda a Hubert ndi amenenso anaitanitsa msonkhano wina cha m'ma 742, mogwirizana ndi Boniface Woyera, umene unabwereza chiletso chomwechi. Ndiye mlenje amene amalankhula za Hubert ngati mnzake wa m'gulu la kuthengo ayenera kudziwa kuti episkopi wa nthawi imeneyo akapezeka ndi agalu a uzimba ankayenera kulangidwa. Mbali zonse ziwiri zikulimbirana chikopa cha nswala imene Hubert weniweni sanaionepo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mpingo wolalika moyo sungadalitse imfa. Imeneyi ndi imene imakopa anthu ambiri a m'mizinda, ndipo ndikuimvetsa, chifukwa palibe munthu wamtima wabwino amene amakondwa kuona nyama ikuphupha. Koma funso langa ndi loti kodi amene akudzudzulawo, pamodzi ndi ambirife, ndiwo zathu zimachokera kuti? Kwathu mbuzi ya pa Khirisimasi ankapha ndi malume. Ankayamba anola mpeni pa mwala kwa nthawi yaitali mpaka ife ana kutopa, kenaka n'kutithamangitsa tikayamba kuseka mbuzi ikulira, amvekere imeneyi si sewero. Azakhali ena ankathawira kuseri kwa nyumba atatseka makutu, akuti sangapirire. Nyama ikapsa, mbale ya azakhaliwo sinkabwerera ndi fupa lokhala ndi mnofu. Sindikuwanena azakhali, ndikungoti pa anthu awiriwa amene ankadziwa mtengo wa ndiwoyo anali malume, ndipo ulemu umene mbuziyo inalandira unachokera kwa amene anagwira mpeni. Ku Germany ndi ku Belgium nkhumba ndi nkhuku zosawerengeka zimabadwira m'makola a fakitale n'kufera m'nyumba zophera nyama, osaliona dzuwa bwinobwino, ndipo anthu odya nyama imeneyo amalandira Ukaristia Lamulungu lililonse popanda wowafunsa. Nswala ya m'nkhalango yakhala moyo wake wonse ikuyenda mwaufulu. Ngati mpingo ukufuna kutseka chitseko kwa onse okhudzidwa ndi imfa ya nyama, uyambe ndi ogula soseji, ndipo m'tchalitchi mutsala mabenchi okhaokha. A PETA pa mfundo iyi sachita chinyengo, iwo amati tonse tisiye nyama, ndipo ndimawalemekeza pa kusapsatira kwawo. Koma chimenecho si chiphunzitso cha mpingo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amati n'kololedwa kugwiritsa ntchito nyama pa chakudya ndi zovala, ndipo pomwepo amanenanso kuti kuzunza nyama kapena kuipha popanda chifukwa n'kunyazitsa ulemerero wa munthu. Malire ali pa nkhanza ndi kuononga, ndipo malire amenewa ndi amene mlenje ayenera kumawamva kawirikawiri kuposa wina aliyense.

Kuphatikiza apo, nkhalango za ku Ulaya si munda wa Edeni woti ukausiya udzisamala wokha. Mimbulu imene inkachepetsa nswala ndi nguluwe anthu anaipha n'kuimaliza m'madera ambiri kalekale, ndipo ngakhale yayamba kubwerera, sinafike poti n'kugwira ntchito yonseyo. Nswala zikachuluka zimadya mitengo ing'onoing'ono isanakule, nguluwe zimafukula minda ya chimanga usiku umodzi. Mlimi aliyense amene anagonapo m'chisimba kulondera nguluwe safunika kumufotokozera zimenezi. Mu Seputembala 2018 chigodola cha nkhumba chinapezeka mwa nguluwe za kum'mwera kwa Belgium, m'chigawo chomwecho muli tauni ya Saint-Hubert, ndipo mu 2020 chinalowa ku Germany. Pothana nacho boma linamanga mipanda, linatolera mitembo ya nguluwe, ndipo linachepetsa nguluwezo mwa kuziombera ndi kuzitchera misampha. Ntchito yotere imafuna anthu odziwa thengo. Dziko silingamawaitane anthu amenewa pa tsoka, kenaka n'kumauza mpingo kuti manja awo ndi odetsedwa.

Mfundo yachitatu ndi imene imandivuta kwambiri, ndipo sindinganame kuti ndili ndi yankho loithetseratu. Akuti alenje ambiri a ku Ulaya sasaka chifukwa cha njala kapena kuteteza minda. Ndi anthu opeza bwino amene amapha pofuna kusangalala, amapachika nyanga pakhoma kuti alendo aziwatama, ndipo Misa ya Hubert ndi mafuta odzola ongowalitsira chizolowezi chawo. Pali choonadi pamenepa. Kwa zaka mazana ambiri kusaka nyama zikuluzikulu ku Ulaya kunali kwa mafumu ndi nduna zawo, mmphawi akagwidwa ndi nswala ankalangidwa koopsa, ndipo malipenga amene amalira m'tchalitchi aja ndi a mwambo wa olemerawo, wothamangitsa nswala ndi agalu ambirimbiri mpaka itatheratu mphamvu. Ku Germany kasakidwe kameneka n'koletsedwa, ku France kakuchitikabe. Ndiye ndikuvomereza kuti Misa imeneyi ingathe kusanduka chionetsero. Komabe mankhwala a ulaliki wofooka ndi ulaliki wamphamvu. Wansembe amene ali ndi alenje mazana awiri patsogolo pake ali ndi mwayi umene sadzaupezanso mpaka chaka chamawa, wowafunsa za nyama zimene anazivulaza n'kuzisiya zikafere kutali, za kuombera ataledzera, za mbalame zoweta zimene amazimasula dzulo lake kuti mawa akaziombere ngati masewera. Akangowayamikira n'kuwawaza madzi odalitsa, walephera ntchito, ndipo ameneyo ndiye wofunika kudzudzulidwa. Taganizani anyamata osaka mbewa amene amatentha tchire lonse chaka ndi chaka, moto n'kulowerera mpaka m'nkhalango ndi m'manda. Kodi mfumu yanzeru imawaletsa kufika pabwalo, kapena imawaitana kuti awauze m'maso? Amene wapitikitsidwa amakapanga mwambo wake kwina kopanda womudzudzula, ndipo alenje akachotsedwa m'tchalitchi phwando lawo lipitirira kumalo omwera mowa, malipenga omwewo, nyanga zomwezo, kungochotsapo munthu mmodzi yekhayo amene akanawakumbutsa kuti nyamazo zili ndi Mwini wake.

Chimodzi chokha ndikugwirizana nawo otsutsa popanda kuwiringula. M'malo ena amabweretsa nswala yakufa n'kuigoneka pa nthambi kutsogolo kwa guwa kapena pakhomo la tchalitchi. Alenje amati ndi ulemu, monga mmene amaikira kanthambi m'kamwa mwa nyama yophedwa ngati chakudya chake chomaliza. Kuthengo mwambo umenewo uli ndi malo ake. Pa guwa pali nsembe imodzi yokha, ndipo mtembo wa nyama pamenepo umasokoneza ana ndi akulu omwe. Umenewu uchotsedwe.

Mfundo yachinayi imachokera kwa anthu ophunzira, osati okonda nyama. Iwo akuti popeza nkhani ya nswala ndi yobwereka, unkhoswe wonse wa Hubert pa alenje wamangidwa pa bodza, ndipo mpingo woona mtima uyenera kuusiya. Vuto la mfundoyi ndi loti yasokoneza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Alenje a ku Ardennes sanayambe kulemekeza Hubert chifukwa cha nthano. Thupi lake litafika pakati pa nkhalango yawo mu 825, iye anakhala woyera wa pafupi, amene ankamudandaulira akamalowa m'thengo loopsa, ndipo panakhazikika mwambo wopereka ku nyumba ya amonke nyama yoyamba kuphedwa. Amonkewo anatchukanso ndi kuweta agalu onunkhiza, amene mpaka lero mu Chifalansa amadziwika ndi dzina la Saint-Hubert. Nthano ya nswala inabwera pambuyo, kudzafotokoza ubale umene unalipo kale. Ndiye kuichotsa sikugwetsa nyumba, chifukwa si maziko. Ndiponso tonse tinakulira pa nthano za kalulu ndi fisi, ndipo palibe amene anapita kwa agogo ake kukawauza kuti ndi abodza chifukwa kalulu salankhula. Chofunika n'chakuti wansembe anene poyera kuti iyi ndi nthano yophunzitsa, ndipo uyu ndi munthu amene anakhalakodi. Chinyengo chimayamba pamene ziwirizi zasakanizidwa dala.

Amene akukayika ngati mwambo wakale ungathe kudulidwa nthambi zoipa osaufa, aone zimene zinachitika pa nkhani ya chiwewe, imene kwa ine ndi yochititsa chidwi kuposa ya nswala. Kwa zaka mazana ambiri Hubert ankadziwika kwambiri ngati wochiza anthu olumidwa ndi agalu achiwewe, ndipo odwala ankayenda mitunda italiitali kuchokera ku France, Germany ndi Netherlands kupita ku Saint-Hubert. Kumeneko wansembe ankatenga kampeni n'kutema pachipumi pa wolumidwayo, ngati mphini, n'kulowetsamo kaulusi kochokera pa sitola (nsalu imene wansembe amakoleka m'khosi) imene ankati inali ya Hubert. Akatero ankamanga mutu ndi nsalu kwa masiku 9, ndipo wodwalayo ankayenera kulapa, kulandira Ukaristia, kugona yekha ndi kutsatira malamulo ena a kadyedwe. Panalinso kachitsulo kotchedwa kiyi wa Hubert Woyera, kamene ankakaotcha pamoto n'kukadinda pa bala kapena pa mutu pa galu. Ambiri ankabwerera kwawo ali bwino, ndipo mbiri inkafalikira. Lero tikudziwa chifukwa chake: si galu aliyense woluma amene ali ndi chiwewe, ndipo si aliyense wolumidwa ndi galu wachiwewe amene amadwala. Amene anali atatengadi matendawa ankafa ndithu, kaulusi kali pachipumi. Mu Julayi 1885 wasayansi wa ku France, Louis Pasteur, anapereka katemera wa chiwewe kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Mphini za ku Saint-Hubert sizinathe tsiku lomwelo, anthu sataya msanga chimene makolo awo ankadalira, koma pang'onopang'ono zinazilala mpaka kutha. Lero wolumidwa ndi galu ku Belgium amathamangira kuchipatala, ndipo palibe wansembe wanzeru zake amene angamuuze zosiyana. Koma tsiku la Hubert silinafe nazo mphinizo. Sitola ija ikusungidwabe m'tchalitchi chachikulu cha m'tauniyo, buledi akudalitsidwabe pa 3 Novembala, agalu akubwerabe. Chimene chinali choopsa chinachotsedwa, chotsalacho chinakhala. N'chifukwa chake ndikuti Misa ya alenje nayo ikufunika mpeni wodulira, osati nkhwangwa.

Ndikadapatsidwa mwayi wosankha chowerenga pa Misa imeneyi, ndikadatenga kankhani kena ka m'mbiri yoyamba ija, kamene alenje ndi otsutsa omwe sakatchula. Wolembayo akusimba kuti chakumapeto kwa moyo wake Hubert anali pa mtsinje wa Meuse, pamalo otchedwa Nivelle, pamodzi ndi antchito ake, akukhoma zikhomo m'madzi zotchingira nsomba. Episkopiyo anatsamiritsa dzanja pa chikhomo, wantchito anagwetsa nyundo osaona, zala zinaphwanyika. Ululu wa bala limenelo unamusautsa kwa miyezi, ndipo sipanapite nthawi yaitali anamwalira. Ameneyu ndiye Hubert amene anthu omudziwa anatisiyira: sali pa kavalo, alibe lipenga, ndiponso si munthu woti sankakhudza chamoyo. Ndi nkhalamba imene ili m'bwato kufunafuna ndiwo za anthu a pakhomo pake, ndipo yavulala pa ntchitoyo. Mlenje wa mfuti yodula atamva zimenezi atakhala pa benchi, ndi womenyera ufulu wa nyama atazimva ataima pakhomo ndi chikwangwani chake, ndikukhulupirira kuti onse awiri angatuluke ali ndi kena kowasowetsa mtendere, ndipo ine ndikadakonda kuti chaka chino wansembe wina ku Ardennes ayese kuwawerengera.